Kamuvi ka Apongozi

Ndikulangizeni ulere: ngati mumadziwa za makompyuta, musakaulule kumene mwakwatira. Nenani kuti ndinu dalaivala kapena mumasoka nsapato. Ine ndinaulula tsiku loyamba lomwe pofuna kuoneka munthu, ndipo kuchokera pamenepo foni iliyonse yakufa ya m'banja la mkazi wanga imadzagonekedwa pa tebulo langa.

Apongozi anga ali ndi sitolo ya mipando, mabedi, matebulo ndi makabati m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo omatira matayala. Bambowo anayamba ngati kalipentala, m'kachipinda kakuseri komwe mpaka lero kamanunkhira utuchi ndi vanishi. Msana utayamba kuwakana, ana awo anawalanda ntchito imodziimodzi, mwaulemu wonse, uku akuwauza kuti azipuma. Makiyi a lole anapita kwa mlamu wanga. Kuoda katundu ndi kuyendetsa sitolo kunapita kwa mkazi wanga, amene ngakhale makolo ake omwe amamutchula kuti a Manijala. Apongozi aakazi, amene tonse timangoti Amayi, anatsala pa kauntala pamene akhala chikhalire. Bambo anatsala ndi ntchito imodzi yokha, yolemba mawu otsatsa katundu pa webusaiti ya sitoloyo. Ntchitoyo ikanawachoka, chotsala chikanakhala kukhala pakhonde kunyumba n'kumaonerera magalimoto odutsa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Ndiye ankaigwira ndi manja awiri. M'mawa uliwonse ankamanga tayi n'kukakhala pa kompyuta kuseri kuja, magalasi ali pamphuno, akujompha mabatani ndi zala ziwiri. Katundu sankamulemba ngati katundu ayi. Kwa iwo kunalibe sofa, kunali a Sofa. Kunalibe tebulo, kunali a Tebulo, ndipo aliyense anali ndi khalidwe lake. A Bedi anali ofatsa, osunga chinsinsi. A Tebulo ankapirira zigongono za banja lonse osadandaula. Makasitomala ena ankatsegula webusaitiyo pongofuna kumva zomwe Madala alemba sabata imeneyo, kenako n'kupezeka agula kampando komwe sanakaganizireko n'komwe.

Webusaiti yakaleyo inali yosavuta kwa iwo, chifukwa pomwe walembapo ndi pomwe mawuwo ankaonekera. Chithunzi chinkakhala kumanzere, mawu kumanja, batani logulira pansi. Bambo ankapaka zilembo utoto mmene afunira, zofiira, zobiriwira, zina zikuluzikulu ngati za pachikwangwani, mpaka tsamba lonse linkaoneka ngati ana atayirapo penti. Pa kompyuta zinkawerengeka ndithu. Koma pa foni munthu ankachita kulikoka tsambalo uku ndi uku kuti amalize mzere umodzi, ndipo masiku ano anthu ambiri amasankha katundu ali pa foni.

Tsiku lina tikudya, a Manijala anandiuza kuti akufuna zinthu zitatu: webusaiti yatsopano, pulogalamu ya pafoni, ndi sikirini yaikulu yopachika pakhoma m'sitolo. Ndinafunsa kuti ndani azilemba chinthu chimodzi katatu.

"Si ndinu mumati pali njira yolemba kamodzi n'kuonekera paliponse? Kapena munkangondinamiza pondifunsira?"

Njirayo ilipodi. Umalekanitsa kosungira mawu ndi koonetsera mawu. Mawu, mitengo ndi zithunzi zimakhala m'nkhokwe imodzi, zopanda utoto, zopanda malo ake enieni. Webusaiti imabwera kudzatapa n'kuziyala mwa njira yake, foni nayo mwa njira yake, sikirini ya pakhoma chimodzimodzi. Ndinaigwira ntchitoyo, ndipo ndisakubisireni, inatuluka bwino. Chovuta chinali kukawafotokozera Bambo.

Ndinakoka kampando n'kukhala pambali pawo.

"Bambo, zili ngati thanki imodzi ya madzi yokhala ndi mipopi itatu. Inu muzingothira m'thankimo. Mpopi uliwonse uzitulutsa wokha."

Anayang'ana pa kompyutapo. Panali mabokosi oyera okhaokha: la dzina la katundu, la mtengo, la mawu, la chithunzi.

"Nanga tsamba lili kuti, akamwini?"

"Tsamba kuno kulibe, Bambo. Ife a ntchitoyi timati ndi makina opanda mutu. Thupi lili kuno, mitu yake ili kwina, wina pa foni, wina pakhoma."

"Oho. Ndiye mwavomera nokha kuti mwandibweretsera zopanda mutu."

Ndinaseka, chifukwa apongozi akanena nthabwala umaseka. Iwo sanaseke.

"Utoto wofiira uli pati?"

"Mulibe, Bambo. Utoto umasankhidwa kumene mawuwo akukaonekera."

"Zilembo zikuluzikulu?"

"Nazonso ndi komweko."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi kwa nthawi yaitali. Kenako anati chabwino, ayesa.

Anayesadi, koma m'mutu mwawo tsamba lakale lija linali likadalipo. Ankalemba akuliona, chithunzi kumanzere, batani pansi. Choncho mawu awo anadzaza ndi "onani kumanzereku", "dinani pansipa", "apamwambawa ndi achimwene awo a awa". Pofuna kukankhira mawu pakati, ankadina batani la mpata kambirimbiri, makinawo n'kumeza mipata yonseyo n'kusiyapo umodzi. Ankandiimbira foni ndili kuntchito kwanga kundiuza kuti makina anga ndi akuba.

Madandaulo sanachedwe. Mayi wina anaimba kufunsa kuti pansipa pake ndi pati, poti pa foni yake pansi pa mawuwo panali chithunzi cha matiresi, ndipo anali atadina matiresiwo mpaka chala kuwawa. Mphunzitsi wina anabwera kudzagula "apamwambawa", amene pa kompyuta anali a Sofa koma pa foni yake anali kampando ka mwana. Anakangana ndi mlamu wanga mpaka thukuta.

Apa ndiye ndinkafunika kulankhula. Koma paja amati mkamwini asamakule mwendo. Ungayambire pati kuuza bambo amene anakupatsa mwana wawo kuti akulemba molakwika? Ndinkangozungulira. Ndinkati, "Bambo, mawu aja ndi okoma kwabasi, kungoti makinawa sadziwa kumanzere." Iwo ankayankha kuti makina osadziwa kumanzere ndi ofunika kuwabweza kusukulu, n'kupitiriza kulemba. Ndinkakonza mwakachetechete zomwe ndaziona, koma Bambo ankalemba mofulumira kuposa mmene ine ndinkafufutira. Choipa kwambiri n'chakuti, atazindikira kuti utoto ndi mipata zimamezedwa, anatulukira chinthu chomwe makinawo sankameza: timizere tingapo ndi kachizindikiro kosongoka kutsogolo kwake, kamuvi kolozera kumanzere. Anakondwa nako kwambiri n'kuyamba kukamwaza paliponse.

Loweruka lina m'mawa, sitolo itadzaza, ndinadutsa kudzatenga makiyi a nyumba kwa a Manijala. Sikirini ija tinaipachika pakhoma kuseri kwa kauntala, ndipo munthu akaima kutsogolo, Amayi ankakhala kumanzere kwa sikiriniyo ndendende, pa mpando wawo wautali, msana ataulozetsa kukhomako. Pa sikirini imeneyo chithunzi chimabwera chokha n'kuchoka, kenako pamabwera mawu okha, zilembo zikuluzikulu kuti ngakhale woima pakhomo awerenge. Ndine ndinaikonza choncho.

M'sitolomo munali kabati wina wakale amene anakana kugulidwa, ndipo dzulo lake Bambo anali atamulembera mawu. Chithunzi cha kabatiyo chinabwera, palibe anachiyang'ana, chinachoka. Kenako panabwera kamuvi, kotalika ngati mkono wa munthu, kakuloza pa khutu la Amayi, ndi mawu awa:

"Akumanzerewa akhalitsa m'sitolo muno. Miyendo ikadali yolimba, kungoti amachita kaphokoso m'mawa. Amene angawakonde awatenge lero, tikawatula mpaka pakhomo ulere."

Woyamba kuwerenga anali mkulu wina wandevu zoyera amene ankasankha matiresi. Anawerenga, n'kutsatira kamuviko ndi maso, n'kuwerenganso. Kenako anavula chipewa.

"Mayi, pepani, ulere umenewu ukufika kutali bwanji? Ine ndimakhala kutsidya kwa mlatho."

"Ulere wa chiyani, bambo?"

Mkuluyo analoza ndi chipewa. Anthu onse anacheuka. Mtsikana wina anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Posakhalitsa sitolo yonse inali chikhakhali chokhachokha, mafoni ali m'mwamba akujambula. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kuwerenga mpaka kumapeto, milomo ikuyenda. Mawuwo atachoka n'kubwera a Tebulo, iwo anadikira phee mpaka a Kabati atazunguliranso, n'kuwerenga kachiwiri kuti asanamizire munthu. Ine ndinali nditauma pakhomo, ndikulakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Bambo atamva phokosolo anatulukira kuseri akumwetulira, poganiza kuti mawu awo agwira anthu mtima. Anaona kamuviko, anaona kumene kakuloza, kumwetulira kuja kunathera panjira.

"Ndimanena a Kabati, mayi a ana! A Kabati awo ali pakonawo!"

Amayi anatsika pa mpando, anaukoka okha mpaka kumanja kwa sikiriniyo, anakhalanso, n'kufunsa mkulu wandevu uja ngati wasankha matiresi ake. Kuyambira tsiku limenelo Bambo ankalankhulidwa kudzera mwa anthu ena. Munthu umangomva kuti, "Auzeni bambo anuwo kuti tiyi akuzizira," eni ake ali pomwepo.

A Manijala sanaseke n'komwe. Pofika masana chithunzicho chinali chitafika pa mafoni a azakhali, a anzawo a kusukulu, ngakhale a anthu amene amaodako matabwa. Anandikokera panja, pafupi ndi mulu wa matayala.

"Mukawatsekere Adadi. Pasiwedi yawo isagwirenso ntchito. Ndizilemba ndekha: dzina, kutalika, mtengo, basi."

"Bwanji osakawauza nokha? Si bambo anu?"

"Makinawo anabwera ndi ndani?"

Ndinangovomera ndi mutu.

Lolemba ndinawapeza Bambo kuseri kuja, tayi ili m'khosi monga mwa masiku onse, koma kompyuta ili yozima. Ankapukuta hamala yakale ndi kansalu, hamala yoti sinakhomepo msomali zaka zambiri. Ndinapereka moni, ndinafunsa za msana, ndinafunsa za mvula. Iwo anandidula.

"Akutumani, eti?"

"Ee, Bambo."

"Ndinadziwa. Tsiku lomwe ankatenga makiyi a lole, mlamu wanu nayenso anayamba ndi kufunsa za msana." Anaika hamalayo pansi. "Akamwini, ine moyo wanga wonse ndagulitsa ndi chala. Munthu akalowa ndimati onani uyu, gwirani apa, khalani apo. Tsopano mwandipatsa bokosi loti sindikudziwa kuti mawu anga akagwera kuti, pambali pa chiyani, pamaso pa ndani. Ndiye chabwino, tsekani. Kungoti mundiuze kuti mawa m'mawa ndidzukire chiyani."

Ndinawamvera chisoni, chisoni chenicheni. Ndinali nditabwera foni ili m'manja kuti ndingodina nkhani ithe. Ndinaibweza m'thumba.

"Bambo, chala chokhacho n'chimene makinawa sakuchilandira. Mawu anu akuwafuna. M'malo moloza, muzitchula. Osati akumanzerewa, koma a Kabati a zitseko ziwiri, a galasi kutsogolo. Mawuwo akhale oti ngakhale atapezeka okhaokha pamsewu, munthu adziwe kuti akunena chiyani."

Aka kanali koyamba kuwauza apongozi zoona osapita m'mbali, ndipo sindinafe ayi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zimenezo ndingathe. Koma dzanjali lazolowera, tsiku lina lidzalozabe. A Manijala sadzandikhululukira kawiri."

Pamenepo ndinakumbukira kuti makinawa amalola kugawana ntchito: wina kulemba, wina kuwerenga n'kudina batani lotulutsa. Zolembedwazo zimangodikira m'nkhokwe, sizioneka pa foni kapena pakhoma mpaka winayo atavomera. Ndinawafotokozera, anagwedeza mutu movomera. Vuto linali kupeza wodinayo. Zoti mwana wawo aziwachonga ngati ali pasukulu, Bambo anakaniratu. Inenso ndinakaniratu, chifukwa ndimafuna kukalamba ndili pabanja. Tonse tinkadziwa amene watsala, uku tikumva mawu a Amayi kukauntala akuuza kasitomala mtengo wa mapilo.

"Pitani ndinu," anatero Bambo. "Ine ndikadali pachilango."

A Manijala anavomera mokakamizika, n'kundichenjeza kuti zikangovutanso asadzamvenso za chisoni. Amayi ndinawapeza masana kulibe anthu. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwaonetsa pa foni yawo pomwe mawu odikira azifikira, ndi batani lobiriwira lomwe linali pansi pake.

"Ndiye mukuti ndikapanda kudina apa, mawu a bambowo satuluka?"

"Satuluka, Amayi."

"Ngakhale atalemba tsiku lonse?"

"Ngakhale atalemba mpaka chaka chamawa."

Analiyang'ana batanilo mwachikondi, ngati mphatso yomwe yachedwa kufika. "Siyani pompo," anatero.

Bambo analemba. Analemba mosamala kuposa kale, akutchula chilichonse ndi dzina lake, kamuvi atakataya. Lole inabweretsa katundu watsopano, iwo n'kumulembera yense. Koma pakhoma panalibe chosintha, pa foni chimodzimodzi. Sabata inkapita kumapeto Amayi osadina kanthu. Ndinkawaona akuwerenga foniyo ataibisa kuseri kwa kauntala, nthawi zina kasitomala mpaka kugogoda pathabwa kuti amuone. Bambo ankatuluka kuseri, kuyang'ana pakhoma, n'kubwerera mapewa atagwa. A Manijala anandiuza kuti katundu watsopano sangakhale osalengezedwa chifukwa cha mkwiyo wa nkhalamba ziwiri, ndipo Loweruka likafika zili choncho, ntchito ya Bambo yathera pomwepo.

Lachisanu ndinalimba mtima.

"Amayi, kodi batani lija likuvuta?"

"Silikuvuta."

"Kapena mawuwo ali ndi zolakwika?"

"Alibe." Anaika foniyo pa kauntala. "Khalani pansi, akamwini. Inu mukuganiza kuti ndikadali wokwiya ndi kamuvi kaja? Kamene kaja ndinakaseka ndekha kubafa tsiku lomwelo. Zoti ndakhalitsa ndi zoona, zoti ndimachita phokoso m'mawa ndi zoonanso. Koma ine zolemba za bambowa sindinaziwerengepo chiyambire. Webusaiti ndinkasiyira ana, sikirini ndinkaipatsa msana. Pano ndawerenga zonse, zatsopano ndi zakale zomwe. Kodi mumadziwa kuti munthuyu ali ndi mawu?"

Ndinati ndimadziwa.

"Ine sindinkadziwa. Tebulo akuliuza kuti ndi lopirira. Bedi akuliyamikira kuti limasunga chinsinsi. Pali kashelefu kena ka nsapato, akuti kamagwira ntchito yaikulu koma palibe amakathokoza. Kashelefu, akamwini! Ine chikwatiwire, mawu okoma amene ndinamvapo kwa iwo ndi akuti 'zili bwino'. Ndiye ndizidina ine batani kuti dziko lonse limve mmene amuna anga amanyengererera matabwa?"

Ananena moseka, koma maso anali atafiira. Ine ndinayang'ana pansi, poti pali zinthu zina mkamwini safunika kuziona.

"Kawauzeni kuti ngati akufuna ndidine, abwere adzawerenge ndi pakamwa pawo. Pompano, ine ndikumva."

Ndinakawauza. Bambo anafunsa ngati palibe njira ina, mwina kukonza makinawo kuti batanilo lizidzidina lokha. Ndinati palibe. Anawongola kolala, anatenga foni yanga, n'kutuluka ngati munthu wopita kukazulitsa dzino.

M'sitolo munali a Manijala, mlamu wanga, ndi mayi wina amene ankayesa mipando. Bambo anaima kutsogolo kwa kauntala, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu awo ogulitsira aja, okweza, maso ali kudenga.

"A Sofa ang'onoang'ono, a anthu awiri! Thabwa lolimba, nsalu yofewa!"

"Mukuwerengera ndani? Denga?" Amayi anawadula. "Wogula ali kuno."

Bambo anatsitsa maso. Anayambiranso, ndipo ulendo uno mawu anatsika okha.

"A Sofa ang'onoang'ono, a anthu awiri. Thabwa lolimba, nsalu yofewa. Si a alendo ayi. Ndi a anthu amene agwira ntchito limodzi tsiku lonse osapeza mpata woyang'anana. Ndi opanikiza pang'ono mwadala, kuti wina akakhala, phewa lake likhudze la mnzake. Salankhula, koma amadziwa amene watopa kwambiri."

Anaima. Panali mzere wina wotsala, wonena za mtengo, ndinkaudziwa chifukwa ndinali nditauwerenga kale. Koma Bambo sanauwerenge. Mayi woyesa mipando uja anali atasiya kuyesa. Mlamu wanga mwadzidzidzi anakumbukira kuti lole ikufunika madzi.

"Ndinalemba ndikuganiza za inu, mayi a ana," anatero Bambo, motsitsa kwambiri moti ine ndinamva chifukwa ndinali pafupi. "Zinazonso zambiri."

"Ndiye kashelefu ka nsapato kaja ndine?"

"Ayi. Ee. Pang'ono chabe."

Amayi anayesetsa kuumitsa nkhope koma inawakana. Anatenga kansalu kopukutira kauntala n'kupukuta malo oyera kale.

"A Sofa amenewa alipo angati?"

"Mmodzi yekha."

"Ndiye mukuwalengezeranji? Akwere lole apite kunyumba." Anayang'ana mwana wawo kuti aone ngati angatsutse. A Manijala anatsegula pakamwa n'kutsekanso. "Werengani china."

Bambo anawerenga za tebulo la kukhitchini. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, anawauza kuti achotse bodza limodzi lonena kuti silithimbirira, ndipo litachoka anadina. Tonse tinacheukira kukhoma. Chithunzi chinabwera, mawu anatsatira, ndipo pa foni ya a Manijala zinatulukanso nthawi yomweyo. Bambo anapumira m'mwamba n'kuyamba kufunafuna chotsatira mwachangu.

"Basi kwa lero," anatero Amayi, n'kuika foni m'chikwama. "Mawa nthawi ngati yomwe ino."

"Amayi, zatsala zambirimbiri!" anadandaula a Manijala. "Chimodzi patsiku, katunduyu atuluka liti?"

"Ine ndadikira zaka zonsezi, mwanawe. Matabwawo nawonso adikire."

Bambo anandibwezera foni osandiyang'ana, n'kubwerera kuseri. Posakhalitsa tinamva mabatani akulira.